Caka ca Mpingo: Phunziro la Cikhulupiriro ndi Ciyembekezo

Anthu awerenga caka m'njira zosiyana. A boma aciyamba pa 1 Januwale. Mlimi aciyamba pa mvula yoyamba, pakuti kwa iye caka ndico kubzala, kupalira, kukolola ndi kusosa. Mpingo wa Kristu uli nako kuwerenga kwacenso. Caka cace ciyamba kutatsala masabata anai kufika Krisimasi, ndipo citsata mapazi a Ambuye wathu, kuyambira lonjezo la kudza kwace kufikira kutsika kwa Mzimu Woyera. Akristu akale anakonza nyengo izi pang'ono pang'ono, pamene mabuku anali osowa ndi odziwa kuwerenga anali owerengeka. Anafuna kuti munthu ali yense, angakhale wosadziwa lemba limodzi, amve mbiri yonse ya cipulumutso caka ndi caka.

M'phunziro ili tifuna kuyenda nanu m'nyengozi imodzi imodzi, ndi kufunsa cimene iri yonse itiphunzitsa. Nkhaniyi njofunika, pakuti m'midzi yambiri alipo abale amene anayamba bwino, nabatizidwa ndi cimwemwe, koma pofika njala, kapena nthenda, kapena maliro, anabwerera m'mbuyo. Sanaphunzire kuti moyo wa Mkristu uli nalo dzinja lace, ndi masika ace, ndi cirimwe cacenso.

1. Cikhulupiriro nciani, ndi ciyembekezo nciani?

Taonani mai wanzeru pa nyengo yokolola. Asankha cimanga cokhwima bwino, nacipacika kudenga pamwamba pa moto, kuti utsi ucichinjirize kwa anankafumbwe. Ufa ukacepa m'nyumba iye sacikhudza, pakuti ndico mbeu. Mvula itagwa acitsitsa, nacikwirira m'nthaka. Munthu wosadziwa kulima angati, Mai uyu wataya cakudya ca ana ace. Koma iye adziwa kuti nthaka ibweza, popeza anaona cotero zaka zonse za moyo wace. Kudziwa kumeneko kufanana ndi cikhulupiriro. Ndipo kulawira kwace kumunda kukazonda mmera kufanana ndi ciyembekezo. Cikhulupiriro cigwira cimene Mulungu ananena ndi cimene anacita kale. Ciyembekezo cipenya kutsogolo cimene adzacita. Fanizoli liperewera pa cinthu cimodzi: mvula ikhoza kumnyenga mlimi, koma Mulungu sananyenge munthu ndi kale lonse.

Tisayese kuti ciyembekezo ndi mau a munthu wokayika, wakuti, Kaya, kapena zidzatheka. Cinenero cathu citithandiza pano. Mkazi ali ndi pakati timucha woyembekezera. Mwanayo sanamuone, nkhope yace saidziwa. Koma alipo ndithu, ndipo mace asunga nsaru yakumberekera. Cotero ciri ciyembekezo ca Mkristu. Muwerenge Ahebri 11, ndi Aroma 8:18-25.

2. Adiventi: nyengo yakudikira

Dzina ili licokera ku mau a Cilatini otanthauza kudza. Nyengoyi iri nao Malamulungu anai, ndipo loyamba ligwa pakati pa 27 Novembala ndi 3 Disembala. Kwathu kuno ndiyo nyengo imene mizere yatha, maso onse ali kumitambo. Wina abzala pa mvula yonyenga, mbeu nizipserera. Wina acedwa, mvula nimpitirira. Palibe mfumu ikhoza kuilamulira kuti igwe lero.

Israyeli anadikira cotero. Kuyambira mneneri Malaki kufikira Yohane Mbatizi zinapita zaka monga 400, wopanda mneneri wakulemba mau atsopano. Koma Luka atiuza za Simeoni ndi Anna, nkhalamba ziwiri zimene sizinaleke kubwera ku Kacisi, kufikira zinaona Mwanayo ndi maso ao. Akuru anati, Kuona maso a nkhono nkudekha.

M'dziko lathu lomwe Uthenga unayamba ndi kudikira. Dotolo Robert Laws ndi anzace anafika ku Cape Maclear m'caka ca 1875. Anaphunzitsa, nacita nchito ya mankhwala, naika anzao m'manda cifukwa ca malungo. Koma munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881. Wowerenga manda ndi kuwerenga wobatizidwa mmodziyo akadati nchitoyo yagwa. Lero penyani nyumba za Mulungu m'mbali mwa nyanja monse.

Adiventi itikumbutsanso kuti Ambuye adzabweranso kudzaweruza. Tsiku lace sanatiuze. Cifukwa cace tisamvere iwo akuchula caka ndi mwezi. Kudikira kwa Mkristu ndiko kwa mlimi amene wanola khasu, mbeu iri pafupi.

3. Kubadwa kwa Ambuye

Malembo sachula tsiku limene Yesu anabadwa. Mbiri yakale koposa imene iripo isonyeza kuti Akristu a ku Roma analikusunga 25 Disembala pofika caka ca 336. Ku Ulaya ndiyo nyengo ya cisanu coopsa ndi usiku wautali, ndipo alalikira za kuunika kumene kuwala mumdima. Kwa ife Krisimasi ifika khasu liri m'manja, udzu ulikupikisana ndi cimanga, nkhokwe zitayamba kutsika. Ici citiphunzitsa kanthu. Mwana wa Mulungu sanadze kwa anthu opumula. Anabadwa pa ulendo umene boma la Kaisara Augusto linalamulira, nagonekedwa modyera ng'ombe. Ndipo oyamba kumva anali abusa ali pa nchito yao ya usiku. Pomuonetsa ku Kacisi, Yosefe ndi Mariya anapereka mbalame ziwiri, nsembe imene cilamulo cinalola kwa osauka.

Cifukwa cace asacite manyazi mbale amene alibe mpunga kapena cobvala catsopano pa tsikulo, ndipo asakongole ndalama za katapira kuti afanane ndi anzace. Iye amene asandutsa tsikuli la mowa ndi ndeu wataya mwini tsiku.

Pa 6 Januwale mipingo yambiri ikumbukira anzeru a kum'mawa, ndiwo oyamba a mitundu ina kumgwadira. Mateyu sanena kuti anali atatu; zitatu ndizo mphatso zao. Atacoka iwo, Herode anafuna kupha Mwanayo, ndipo Yosefe anathawira naye ku Aigupto. Momwemo dziko la Afrika linasunga Mpulumutsi ali wakhanda. Tikumbukire ici pamene othawa nkhondo afika pakhomo pathu.

4. Lenti: masiku 40 a m'cipululu

Lenti iyamba Lacitatu, kutatsala masiku 46 kufika Paskha. Mukacotsapo Malamulungu 6, amene sawerengedwa masiku akusala kudya, atsala 40, monga masiku a Ambuye m'cipululu. Kale imeneyi inali nyengo yakukonzera a m'kalasi, pakuti ambiri anabatizidwa usiku wa Paskha.

Kwa ife Lenti igwa m'miyezi ya njala, Febuluwale ndi Malichi. Cimanga camasula, koma sicinakhwime. Abambo ali pa ganyu m'minda ya eni, ana agona ndi nkhwani zokha, malungo ali m'nyumba ndi m'nyumba. Njala ya 2002 inafika pacimace m'miyezi yomweyi, anthu nadya madeya ndi mizu ya nthoci, ambiri namwalira. Namondwe wochedwa Freddy anagwa m'Malichi 2023, pakati pa Lenti, mapiri nagumuka ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu mazana ambiri natayika. Sitisowa kufunafuna cipululu kutali.

Zindikirani kuti Satana anadza kwa Yesu atamva njala, ndipo yeso lace loyamba linali la cakudya. Acita cimodzimodzi ndi ife. Kwa wina ati, Lowa m'munda wa mnzako usiku. Kwa wina ati, Pita ukaombeze ula, udziwe wakulodza mwana wako. Kwa mudzi wonse ati, Nkhalamba uje ndiye wamanga mvula. Ndipo munthu wosacimwa apirikitsidwa kapena kuphedwa. Kwa iye ali ndi nkhokwe yodzala ati, Kongoza dengu limodzi, adzakubwezere awiri. Mayesero onsewa ali ndi muzu umodzi, ndiwo kuganiza kuti Mulungu waiwala, tidzipulumutse tokha m'njira iri yonse.

Kodi Mulungu afuna kuti wanjala asalenso kudya? Iai. Muwerenge Yesaya 58, ndipo mudzaona kuti kusala kumene akondwera nako ndiko kugawana cakudya ndi wanjala, ndi kumasula womangidwa. Potero Lenti ya wokhala nazo ndiyo kutsegula nkhokwe. Ndipo Lenti ya wosowa ndiyo kusunga manja ace oyera ndi kusaleka kupemphera. Akuru a mpingo adziwe nyumba za amasiye zimene sizifuka utsi, asadikire kumva mfuu ya maliro. Mneneri Habakuku, pa mutu 3, anawerenga minda yosabala ndi makola opanda zoweta, natsimikiza mtima kukondwera mwa Mulungu ngakhale ziri cotero. Makolo athu anati, Sunga khosi, mkanda woyera udzabvala.

5. Imfa ndi kuuka kwa Ambuye

Sabata lotsiriza la Lenti liyamba ndi kulowa kwace m'Yerusalemu. Lacinai tikumbukira Mgonero, Lacisanu mtanda. Koma tisalumphe Loweruka. Tsiku lija Ambuye anali m'manda, mwala uli pakhomo, akuphunzira ace atabisala ndi mantha. Awiri aja a ku Emau ananena za ciyembekezo cao monga cinthu cakutha kale. Alipo pakati pa owerenga athu amene ali pa Loweruka lotere: anapemphera, koma mwana anamwalira. Kwa iwo tinena kuti Mulungu analikugwira nchito tsiku lomwelo limene anaoneka ngati ali cete.

Tsiku la Paskha lisinthasintha cifukwa litsata mwezi. Pa msonkhano waukuru wa ku Nicaea, m'caka ca 325, anapangana kuti Akristu onse azilisunga pamodzi. Ndipo lamulo limene linakhazikika ndi ili: Lamulungu loyamba utakhala mwezi wathunthu wa pa 21 Malichi kapena wotsatana nalo tsikulo. Cotero siligwa lisanafike 22 Malichi, kapena litapita 25 Epulo. Mipingo ya kum'mawa, ndi ya ku Ethiopia, iwerenga ndi kalendala wakale, ndipo kawiri kawiri Paskha wao acedwa. Mabishopu a ku Alexandria, mu Afrika muno, anali kulembera mipingo caka ndi caka kuidziwitsa tsikuli. Ndipo m'kalata yotere ya 367 Athanasius anachula mabuku 27 a Cipangano Catsopano, omwewo tiri nao lero.

Paskha atipeza tirikudya mondokwa ndi maungu. Nkhokwe ikali yopanda kanthu, koma mwana akakukuta cimanga coyamba mudzi wonse udziwa kuti njala yagonja. Paulo, pa 1 Akorinto 15, afanizira Kristu woukayo ndi cipatso coyamba kuca, cimene cilonjeza kuti munda wonse ulikudza. Sanena nthano, achula mboni, Petro, ndi khumi ndi awiriwo, ndi abale oposa 500 amene anamuona nthawi imodzi, ambiri a iwo akali moyo pamene analemba. Apa ndipo pali tsinde la ciyembekezo cathu conse. Pamaliro sitiletsa misozi, pakuti Yesu mwini analira pa manda a Lazaro. Koma tikamatsitsa mbale m'manda tidziwa kuti tirikubzala.

6. Kukwera kumwamba ndi Pentekoste

Tsiku la 40 kuyambira Paskha, ndilo Lacinai, Ambuye anakwera kumwamba. Sanatisiye amasiye, anapita kukalandira ufumu ndi kutipempherera. Cimene cikhulupiriro ici cicita mwa munthu cinaoneka ku Uganda. Pa 3 Juni 1886, tsiku lomwelo la Kukwera Kumwamba, anyamata a kubwalo la mfumu Mwanga anatenthedwa ndi moto ku Namugongo cifukwa anakana kusiya Kristu. Ena anali Akatolika, monga Charles Lwanga ndi Kizito wamng'onoyo, ena Aangilikani. Ambiri a iwo anali atangophunzira kumene, monga a m'kalasi athu. Anaopa Mfumu ya kumwamba koposa mfumu imene inali nao pamaso. Ndipo atafa iwo Mpingo wa m'dzikomo unakula koposa kale.

Atakwera Ambuye, anthu monga 120 anakhala m'Yerusalemu masiku 10 alikupemphera. Pentekoste ndi mau a Cihelene otanthauza tsiku la 50. Kwa Ayuda linali madyerero a kukolola tirigu. Ndipo tsiku lomwelo Mzimu anatsika, Petro nalalikira, nabatizidwa anthu monga 3,000. Mwa akumvawo munali a ku Aigupto ndi a ku Libiya, yense namva m'cinenero ca kwao. Cozizwa cimeneco cinafika kwa ifenso, pamene Buku Lopatulika lathunthu linasindikizidwa m'Cinyanja mu 1922.

Tsikuli ligwa pakati pa 10 Meyi ndi 13 Juni, ifenso tirikukolola. Masika ali nalo yeso laolao, losiyana ndi la dzinja. Wanjala ayesedwa kuti ataye mtima. Wokhuta ayesedwa kuti aiwale. Mose anacenjeza Israyeli za ici pa Deuteronomo 8, ndipo Yesu ananena za mwini cuma amene anakuza nkhokwe zace, namwalira usiku womwewo. Tibwere nazo zopereka za masika ndi mtima wokondwera. Tisagulitse cimanga conse pa mtengo wocepa mu Juni ndi kukacigulanso pa mtengo wowawa mu Febuluwale, ndiponso tisacithere mu mowa. Kusunga bwino cimene Mulungu wapatsa kuli mbali ya kuyamika.

7. Miyezi yopanda madyerero

Lamulungu lotsatana ndi Pentekoste ndilo la Utatu Woyera. Kucokera pamenepo kufikira Adiventi apita Malamulungu 22 kapena kuposa, kufikira 27. Ndiko kunena pafupi theka la caka lopanda madyerero akuru. Ndiyo nyengo ya mwera ndi cisanu, kenaka pfumbi, lupsa ndi dzuwa la Okotobala. Ambiri amene anadzaza chalichi pa Paskha saonekanso. Koma apa ndipo cikhulupiriro ciyesedwa koposa, pakuti moyo wa munthu ucuruka masiku wamba.

Theka loyamba la caka litiuza cimene Kristu anaticitira. Theka ili lifunsa cimene ife ticita pokhala ace. Ino ndiyo nthawi yakuumba njerwa ndi kufolera nyumba ya Mulungu, yakuphunzitsa ana ndi akuru kuwerenga, yakuyendera odwala, yakuyanjanitsa abale amene analimbana za malire a munda, mvula isanabwere kudzautsanso mlanduwo. Pemphero la m'banja madzulo ali onse lioneka laling'ono; koma pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Penyani mitengo ya kuthengo m'mwezi wa Seputembala. Mvula sinagwe, nthaka iri gwa, udzu wapsa. Koma mombo ndi anzace aphuka masamba ofiira atsopano. Atero cifukwa mizu yao yafika pansi pamene pali cinyontho cosaoneka. Yeremiya 17 afanizira munthu wokhulupirira Yehova ndi mtengo wotere. Mkristu amene mizu yace iri m'Mau a Mulungu akhoza kuphuka mudzi wonse uli wouma. Ndipo pa 1 Novembala mipingo yambiri ikumbukira oyera mtima onse amene anatsogola. Mwa iwo muli agogo athu amene maina ao sanalembedwe m'buku liri lonse la pansi pano, koma anasunga cikhulupiriro kufikira imfa.

8. Cenjezo

Tisayese kuti masiku awa apulumutsa munthu. Mipingo siisunga nyengozi mofanana. Akatolika ndi Aangilikani asunga zonse, ndi phulusa ndi zobvala za maonekedwe osiyana. Mipingo ina isunga zazikuru zokha. Ku Scotland, kumene kunacokera amishoni a ku Livingstonia ndi a ku Blantyre, Krisimasi siinali tsiku lopumula la dziko lonse kufikira 1958. Paulo atilangiza pa Aroma 14 ndi Akolose 2 kuti tisaweruzane pa nkhani ya masiku. Wosunga asunge kwa Ambuye, ndipo wosasunga asanyoze mnzace. Lamulungu liri lonse ndilo cikumbutso ca kuuka kwace, ndipo ili tiri nalo tonse.

Caka ca Mpingo cifanana ndi mizere ya m'munda. Mzere sudyedwa, koma usunga madzi, nuongola wobzala kuti asadumphe malo. Momwemo nyengozi zitiletsa kusankha mbali imodzi ya Uthenga imene itikomera. Wokonda cimwemwe cokha zimtengera ku mtanda. Wokhala m'cisoni masiku onse zimtengera ku manda opanda kanthu.

Nyengo ya mtima wa munthu siilingana nthawi zonse ndi ya kalendala. Wina ali m'cipululu pa Krisimasi, wina akolola pa Lenti. Cifukwa cace tisonkhana pamodzi, kuti iye amene ali m'masika agwire dzanja la iye amene ali m'dzinja. Mulungu wa ciyembekezo atisunge ife tonse okhazikika, kufikira caka cimene sicidzatha.

Mafunso akukambirana m'kalasi ndi m'banja

1. Cikhulupiriro cisiyana bwanji ndi ciyembekezo? Perekani fanizo lanulanu.
2. Cifukwa ninji tsiku la Paskha lisinthasintha, koma la Krisimasi iai?
3. Chulani mayesero atatu a miyezi ya njala, ndi awiri a masika. Mkristu awagonjetsa ndi ciani?
4. Mudzanena ciani kwa mbale amene ati, Ndinapemphera, koma Mulungu sanandimvere?
5. M'mudzi mwanu ndani amene adzasowa cakudya dzinja likudzali, ndipo mpingo wanu uyambe lero kukonza ciani?